Chipsera Pansi pa Penti

"Chotsa chitsulo chakocho patebulo, anthu timadyerapo pamenepo," anatero mayi.

"Sindichotsa mpaka bambo achiyang'ane."

Chitsulocho chinali limu, mkombero wopepuka uja amavekapo tayala la galimoto. Linkanyezimira ngati langotuluka m'fakitale, kupatula malo amodzi mkati mwake pomwe Sipanala anali atapala penti ndi mpeni. Dzina limeneli mtsikanayu analitenga ali wamng'ono, chifukwa anzake akamabereka zidole iye ankabereka sipanala ya bambo ake. Tsopano anali ku koleji ya zaumisiri, m'timu ya ophunzira yomwe inali itapanga kagalimoto ka munthu mmodzi kokapikisana ndi makoleji ena. Anzake anamupatsa ntchito yofuna mawilo poti alamu ake anali ndi shopu ya matayala ndi malimu. Onse ankati timu yachita mwayi.

Bambo anali pampando wapafupi ndi chitseko akumasula zingwe za nsapato zakuntchito. Tsiku limenelo zingwezo zinavuta kumasuka.

"Tayala limangophwa," Sipanala anapitiriza. "Tikapopa m'mawa, masana laphwa. Ndiye ndinathira thovu la sopo, n'kuona mpweya ukutuluka pachitsulo penipeni, motsata mzere. Limu latsopano limatulutsa mpweya pachitsulo, bambo?"

"Ukawafunse amene anakugulitsa."

"Ndikufunsa amene anawotcherera. Ndakulira m'shedi mwanu ine, dzanja lanu ndimalidziwa. Si inu munkandiuza kuti powotcherera pabwino pamatsala chipsera, wopala chipsera wapala mphamvu? Apa mwapala mpaka pasalala, mwamata, mwapaka penti, kenako n'kukulunga m'pulasitiki."

"Iwe, amenewo ndi bambo ako," mayi analowererapo. "Ukuwafunsa ngati wapolisi bwanji?"

Bambo anavula nsapato imodzi n'kuiika pambali.

"Ine ndimawotcherera zomwe ndapatsidwa. Akati pala, ndimapala. Ndipo matakisi ambirimbiri akuyenda pa malimu omwe ndinawotcherera ine, palibe amene anabwerapo kudzadandaula."

"Akufa sabwera kudzadandaula, bambo. Komanso takisi ikamakhota imayamba yachepetsa liwiro. Yathu imakhota ili pamoto, munthu atakhala pafupi ndi nthaka. Limuli likathyokera pamenepo, Nthenga tikamutola ndi fosholo."

Nthenga anali mnyamata amene timu inamusankha kuyendetsa, wowonda moti anzake ankati kukamawomba mphepo azimuika miyala m'matumba.

"Mulungu alipo, sizingachitike zimenezo," anatero mayi.

"Tsoka silinunkha, amayi."

"Nanga ukufuna titani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu ukumunenayo ndi mwamuna wa mkulu wako, bambo wa mapasa aja umawanyamula. Ndiyenso bwana wa bambo akowa. Ukamuponya mwala uswa nyumba ziwiri. Bongololo sadzolera mafuta pagulu, mwanawe. Kasinthitse limulo mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo."

"Nanga atatu otsalawo? Nanga a matimu ena aja anagulanso kwa alamu?"

Mayi ananyamula limulo okha, n'kukaliika kuseri kwa chitseko n'kulifunditsa thumba.

Mkamwini wa pabanjapo anthu ankamutchula kuti a Zilipo. Mawu oti "palibe" anali asanatulukepo m'kamwa mwake. Ukanamufunsa wilo la ndege akanati, "Zilipo, bwerani mawa." Ankagula malimu ong'aluka kwa ogulitsa zitsulo zakutha, apongozi ake n'kuwawotcherera m'shedi ya kuseri, ndipo akatuluka m'menemo anali atavala katoni ngati anzawo atsopano. Ankawasakaniza ndi enieni pashelefu imodzi, moti ngakhale iye mwini pena ankasokonezeka. Makasitomala omwe ankawakonda kwambiri anali ana asukulu. Amabwera mothamanga, amakhulupirira katoni, ndipo chinthu chikathyoka amayamba kudzikayikira okha. Chaka chimenecho matimu ambiri anagula kwa iye, iyenso anawatsitsira mtengo kuti dzina la shopu yake lilembedwe pagalimoto zawo. Munthu wakuba amene amaomberedwa m'manja ndi omwe akuwaberawo ndi wovuta kumugwira.

Sipanala anayamba ndi mphunzitsi woyang'anira timu, a Magalasi. Iwo anayang'ana chipseracho nthawi yaitali, anavula magalasi, anapukuta, anavalanso, ngati kuti vuto linali pamagalasipo.

"Ili n'loipadi. Kalibweze akupatse lina."

"Nanga enawo, aphunzitsi?"

"Akuphwa?"

"Ayi, koma sitikudziwa zomwe zili pansi pa penti."

"Ndiye tipale penti malimu onse chifukwa cha maganizo? Limu labwino tikalipala salilandiranso kushopu. Tikapala n'kupeza ali bwinobwino, titenga kuti ena nthawi yatha kale chonchi? Uja ndi wothandiza koleji, sitingamunene za chinyengo chifukwa cha limu limodzi."

Anapita kwa ophunzira a matimu ena omwe ankakumana nawo pabwalo loyeserera. Anamuseka.

"Mwayamba kale mantha? Ukufuna tivule mawilo kuti mupambane nokha?"

Kushopu a Zilipo anamulandira ndi mano onse panja. Anatumiza munthu kukagula chakumwa chozizira, n'kumukhazika pampando wa kasitomala wolemekezeka.

"Mlamu wanga, fakitale nayonso imalakwitsa. Tenga lina ili, sankha wekha."

"Alamu, fakitale yake ili kuseri kwa khoma ili. Ndikumva makina opalira akulira."

Mano aja anabwerera m'kamwa. A Zilipo anakoka mpando n'kuyandikira, mawu n'kutsika.

"Ukudziwa kuti maso a bambo ako akutha? Dzanja layamba kunjenjemera. Ndani wina angawasunge pantchito? Ine ndimawasunga chifukwa cha chibale. Iwe ukapita kukafuula panja, dzina lomwe lidzatchulidwe ndi la wowotcherera, osati la wogulitsa. Ine ndidzangoti sindinkadziwa. Taganiza bwino, mlamu, mutu wako ndi wabwino."

Sipanala anatenga limu lomwe anamusinthiralo n'kutuluka. Chakumwa chija anachisiya chosatsegula. Mumtima munali ukali, komanso mantha, poti zomwe ananena alamu ake zinali zoona.

Kunyumba masiku anayenda mwa zii. Bambo ankachoka m'mamawa n'kubwera atatopa, mwana wawo akalowa m'chipinda iwo ankapeza chochita panja. Koma Loweruka lina masana anamupeza kuseri akuchapa ovolosi, anaima kanthawi, kenako anakhala pandowa yovundikira.

"Mwanangu, ndaganiza. Ndibwera kukoleji kwanuko anthu atachoka. Ndikaona pagalimoto yanu, malimu anga ndimawadziwa ngakhale atapakidwa penti kakhumi. Oipawo ndikachotsa, ndikaikapo enieni a m'sitolo. Palibe adzadziwe."

"Zikomo bambo. Nanga matimu enawo?"

"Enawo si anga."

"Ali ndi makolo."

"Ndingasenze dziko lonse ine? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Sipanala anafinya ovolosi ija mpaka madzi anatha.

"Mukanabwera ndi mawu amenewa Nthenga akadali woyendetsa, mwina ndikanavomera. Koma ndikudziwa chomwe chakubweretsani. Amayi akuuzani."

Zinalidi choncho. Timu yawo inali ndi lamulo lomwe ophunzira anapangana okha, loti amene wabweretsa chipangizo ndiye ayambe kuchiyesa pa liwiro, kuti munthu asamagule zinthu mwa bola zilipo. Nthawi zambiri lamuloli linkathera pa kuzungulira bwalo kamodzi anzako akukuseka. Sipanala analikoka mpaka pa tsiku la mpikisano. Anauza timu kuti mawilo anagula ndi iye, akuwakayikira ndi iye, ndiye pampando akhala iye. Thupi lake silinkaposa la Nthenga kulemera, ndipo poyeserera ankathamanga mofanana. Nthenga anakwiya, anasiya kumupatsa moni, poti mayi ake anali atauza kale msika wonse kuti mwana wawo akayendetsa. A Magalasi anangoti ana apangane okha.

"Ndiye ukufuna kudzipha kuti undilange?" anafunsa bambo.

"Mwati matakisi akuyenda bwinobwino. Mukuopa chiyani?"

"Usandiyankhe choncho."

"Pepani. Koma mukaika enieni pa yanga yokha, ndikawavula. Ndikwera pa omwe alipowo, ofanana ndi omwe akwere anzanga. Ngati ali bwino kwa mwana wa eni ake, ali bwino kwa ine. Ngati sali bwino, bwerani mudzanene pamaso pa onse. Amene akudziwa kuti ili ndi ili ndinu nokha."

Bambo anadzuka n'kumapita. Ndowa ija inagubuduka, sanaitole.

Tsiku lotsatira kunabwera mkulu wake, mapasa ali kumanja ndi kumanzere. Sanakhale n'komwe pansi.

"Iwe, banja langa lakulakwira chiyani? Kunyumba sikukudyeka. Akuti m'bale wako akuyenda m'makoleji kuipitsa dzina la shopu."

"Achemwali, mumadziwa zomwe zimachitika m'shedi muja?"

"Ine za zitsulo sindizidziwa. Ndimadziwa kuti ana awa amadya, bambo amalandira, iwenso nsapato wavalazo zinachokera komweko. Sukulu yakukuza mutu. Chibale ndi fupa, sichiola, koma iwe ukufuna kuchiphwanya ndi hamala."

"Mapasawa akadzakula n'kukwera galimoto ya malimu amenewo, mudzati chiyani?"

"Usawatchule ana anga."

"Ndiye kuti mukudziwa."

Mkulu wakeyo anakhala pansi tsopano, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Sanali munthu woipa. Anali munthu amene anaphunzira kusayang'ana kuseri kwa shopu, monga ambiri timachitira pomwe pakuchokera chakudya chathu. Mayi anatenga mapasa n'kuwapatsa madzi, kenako anatembenukira kwa Sipanala.

"Ndakugwadira, mwanangu. Mpatse mnzako uja ayendetse."

"Amayi, mwamva zomwe mwanenazo?"

Mayi anayang'ana pansi. Anazimva.

"Inu nomwe mumati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kapena mwambi umenewu umagwira ntchito pomutuma madzi pokha?"

Sipanala anavula nsapato zija n'kuziika pafupi ndi mapazi a mkulu wake. Kuyambira tsiku limenelo ankapita kukoleji atavala nsapato zakuntchito, zachitsulo kutsogolo. Sizinali zophweka monga ankaonetsera. Akamazungulira bwalo poyeserera ankamvetsera kaphokoso kalikonse kochokera kumawilo, mtima uli m'mwamba. Pa ngodya ankachepetsa liwiro, anzake n'kumamukalipira kuti awaluzitsa.

Tsiku la mpikisano linafika kuli dzuwa. Bwalo linali lalikulu, laphula, m'mbali atandandalika matayala akutha. Tigalimoto tinaima pamzere kudikira oyendera, kalikonse kali ndi ophunzira ake atazungulira ndi mabokosi a zida. Oyenderawo ankayang'ana mabuleki, malamba, chiwongolero ndi kulimba kwa mabawuti. Pansi pa penti sayang'anapo. A Zilipo anali atakhoma tenti yokhala ndi dzina la shopu, atavala jekete, akugwirana chanza ndi akuluakulu a makoleji. Apongozi awo anabwera nawo kuti azipopa matayala a aliyense mwaulere.

Sipanala anali atakhala kale m'galimoto, chisoti kumutu, malamba atamangidwa. Nthenga ndi amene anamumanga, mosayankhula, koma anakoka lamba aliyense kawiri. Mayi anali kuseri kwa chingwe cha oonerera, manja ali pachifuwa.

Bambo ankapopa tayala la timu ina, maso ali kwa mwana wawo. Anapopa mpaka mwini galimoto anawagwira dzanja kuti liphulika. Woulutsa mawu atanena kuti oyendetsa ayatse injini, iwo anasiya pampu pansi. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kachitsulo kopalira penti. Anayenda molunjika kwa Sipanala n'kugwada pa wilo lakutsogolo.

Mtsikanayo anakweza galasi la chisoti.

"Yambirani uko, bambo. Yanga ikhale yomaliza."

"Mwanangu."

"Mukayamba ndi yanga, ati ndi nkhani ya bambo ndi mwana. Yambirani uko."

Bambo anamuyang'ana. Kenako anadzuka, maondo akulira, n'kupita kumayambiriro kwa mzere. Galimoto yoyamba inali yofiira, woyendetsa wake kamnyamata kamene ndevu zinali zisanamere. Bambo anayendetsa chala mkati mwa limu lakumbuyo, anaima pamalo ena, n'kuyamba kupala.

"Madala, mukutani pagalimoto yathu?"

"Ili ndinawotcherera ndine. Linali long'aluka kuchoka apa kufika apa. Vulani."

Penti inagwa, phala lomatira linagwa, mzere wotuwa unaonekera. Ophunzira aja anasiya kukalipa. Woyendera mmodzi anabwera, anawerama, n'kuitana mnzake. Woulutsa mawu anauzidwa kuti injini zizime.

A Zilipo anafika akuthamanga, jekete ili m'manja.

"Akuluakulu, musawamvere, mdalayu mutu sukuyenda bwino masiku ano. Ababa, tiyeni mukakhale pamthunzi."

"Mutu uli bwino, akamwini. Maso ndi amene akutha, koma zala zikuona."

"Ngati munachita zimenezi munachita panokha. Ine sindikudziwa kanthu."

"Makatoni ndinkasindikiza ndine? Mapulasitiki ndinkagula ndine? Mukafotokoza kwa akuluakuluwa. Ine ndidutse, ntchito ikadalipo."

"Mawa musabwere kushopu."

"Ndamva, bwana."

Anapita pa galimoto yachiwiri. Anayendetsa chala mawilo onse n'kunena kuti amenewo ndi enieni, apite. Pa yachitatu anapeza awiri. Anthu anayamba kuwatsatira, gulu likukulirakulira, ena akutukwana wogulitsa, ena akutukwana wowotcherera. Mayi wina anadumpha chingwe n'kuwaloza chala kumaso.

"Inu muli ndi ana, bambo inu? Mwana wanga akanafera pano chifukwa cha inu."

"Ndili nawo, mayi. Mukunena zoona."

Sanadziteteze, ndipo sanafulumire. Thukuta linkatsika m'khosi, mawondo a ovolosi anada ndi phula. A Magalasi ankayenda pambuyo pawo akuuza aliyense kuti iwo anali atakayikira kalekale. Pamene ankafika kumapeto kwa mzere, tenti ya a Zilipo inali ikupasulidwa, ndipo akuluakulu a makoleji anali atawazungulira eni akewo kuti asachoke. Mpikisano anauimitsa kaye. Matimu omwe anali ndi mawilo abwino anayamba kudandaula kuti awachedwetsa, poti munthu sakhutira.

Sipanala anali akadali pampando, malamba osamasula. Anaona zonse, ndipo chisoni chomwe anamva pa bambo ake chinali chachikulu kuposa momwe ankayembekezera. Ntchito ya bambowo inali itatha, kwa mkulu wake kunali kukubwera moto, ndipo munthu amene anthu ankamulozayo ndi amene anamuphunzitsa kugwira chida. Koma sanadandaule kuti anachita zimenezi.

Bambo anagwadanso pa galimoto ya mwana wawo. Mawilo akumbuyo onse anali bwino. Lakutsogolo kumanja linali bwino. Atafika lakumanzere, lija a Zilipo anamusinthira kushopu, chala chinaima. Sanapale msanga. Anatsamira chipumi patayala.

"Bambo?"

"Ili linang'aluka kawiri. Kachiwiriko ndinawauza kuti tilitaye, anati penti ibisa." Anapuma. "Wakhala ukuyeserera pa limeneli?"

"Eee."

Anapala. Pansi pa penti mng'alu unali utatseguka kale, wautali ngati chala, m'mbali mwa pomwe anawotcherera.

Sipanala anayesa kumasula malamba koma zala zinakana. Nthenga anawerama n'kumumasula. Anatsika n'kugwira phewa la bambo ake, ndipo bambowo anagwira dzanjalo osakweza mutu. Anakhala choncho kanthawi, anthu akuwayang'ana.

"Nthenga, tabweretsa jeke," anatero Sipanala. "Bambo, gwirani uku, tivule wiloli."